Mtima wanga wauma ngakhale ndili pakati pa anthu: kodi ndidzipatule?

Funso: Ndine mayi wa zaka 43, ndili pabanja ndipo ndimatumikira mumpingo. Ondidziwa ndi ambiri, foni yanga sikhala chete, koma kwa miyezi ingapo tsopano mkati mwangamu mwauma. Ndikagwada kupemphera mawu sabwera, usiku maganizo amangoyendayenda. Ndaganiza zosiya kucheza ndi anthu kwa kanthawi kuti ndifunefune Mulungu pandekha, poti ndikuona ngati anthu ndi amene akunditopetsa. Mnzanga wina akuti ndikulakwitsa. Kodi anzathu angathandizedi munthu kutsitsimuka mumzimu ndi kupeza bata, kapena kudalira anthu n'kuchepa chikhulupiriro?

Yankho: Mayi, mnzanuyo akunena zoona, koma inunso simukunama. Anthu akukutopetsani ndithu. Chimene ndikukayikira ndi mankhwala amene mwadzilembera. M'funso lanu mwatchula okudziwani ambiri, mwatchula foni, mwatchula utumiki, koma simunatchule munthu ndi mmodzi yemwe amene akudziwa kuti mukagwada mawu sabwera. Ngati aliyense wokuimbirani amafuna kanthu kwa inu, kaya malangizo, kaya pemphero, kaya kuti mukonze za msonkhano, ndiye kuti owasenza muli nawo ambiri, wokusenzani palibe. Kuchepetsako gulu loyambalo n'koyenera, ndipo ndikukulimbikitsani kutero. Koma mukatsekera onse kunja, mutsekeranso chimene mukuchisowa kwambiri panopa: munthu mmodzi kapena awiri amene pamaso pawo simukakamizika kuoneka wolimba.

Ndiyambe ndi mantha akuti kudalira anthu n'kuchepa chikhulupiriro, poti ndi amene amamanga pakamwa anthu opemphera ambiri. Paulo palibe angamunene kuti anali wofooka m'chikhulupiriro. Komatu m'kalata yake yachiwiri kwa Akorinto akusimba kuti atafika ku Trowa anapeza khomo la ntchito lili lotseguka, koma mzimu wake sunapeze mpumulo chifukwa sanamupeze Tito. Anatsanzika n'kuwolokera ku Makedoniya, ndipo kumenekonso akuti kunja kunali mikangano, mkati munali mantha. Pa chaputala 7 ndi pamene akufotokoza mmene Mulungu anamutonthozera: anamutonthoza ndi kufika kwa Tito. Munthu woyenda ndi miyendo, wotopa ndi ulendo, atanyamula nkhani za abale. Paulo sanachite manyazi kulemba kuti chitonthozo cha Mulungu chinamufikira kudzera mwa mnzake.

Usiku wa ku Getsemane, Yesu anatenga Petro, Yakobo ndi Yohane, n'kuwauza mosabisa kuti mtima wake wadzaza ndi chisoni chofa nacho, ndipo anawapempha kuti achezere naye. Atatuwo anagona. Ena akawerenga amati mwaonatu, anthu ndi osadalirika. Ine ndimaonapo china: ankawadziwa bwino anthu amenewa ndi kufooka kwawo konse, koma anawapemphabe. Ndipo nkhani yotere si ya Akhristu okha. Asilamu amakumbukira kuti mu 622, pa ulendo wochoka ku Mecca kupita ku Medina, Mtumiki Muhammad anabisala m'phanga ali ndi Abu Bakr, ndipo mmenemo ndi mmene anamulimbikitsa mnzakeyo kuti asade nkhawa popeza Mulungu ali nawo. Ananda, wophunzira wa Buddha, tsiku lina ananena kuti kukhala ndi mabwenzi abwino ndi theka la moyo wopatulika, ndipo mphunzitsi wakeyo anamuwongolera kuti asatero, poti ndi moyo wonsewo. Zipembedzo zimene zimalemekeza kwambiri kukhala chete ndi kusala ndi zomwezonso zimene zimaumirira kuti munthu asayende yekha.

Bata limene mukulifunali limadutsanso m'thupi. Mu 2006 katswiri wa za maganizo James Coan ndi anzake anatulutsa zotsatira za kafukufuku amene ndimakonda kuwasimbira anthu onga inu. Anatenga amayi 16 apabanja, aliyense n'kumugoneka m'makina a MRI ojambula mmene ubongo ukugwirira ntchito. Pakakolo anamumangirira kawaya kotulutsa magetsi opweteka pang'ono. Kutsogolo kwake kunkaoneka zizindikiro: ikaoneka O ndiye kuti palibe choopsa, ikaoneka X ndiye kuti mwina magetsi abwera, mwina ayi. Ankafuna kuona ubongo wa munthu amene akudikira chinthu choipa chosadziwika nthawi yake, mmene inu mumakhalira usiku muja. Mayi aliyense anayesedwa munjira zitatu: ali yekha, atagwira dzanja la munthu wachilendo, ndiponso atagwira dzanja la mwamuna wake. Ali yekha, mbali za ubongo zochenjeza za ngozi zinkagwira ntchito mwamphamvu. Dzanja la mlendo linkathandiza pang'ono. Dzanja la mwamuna wake linkaziziziritsa kwambiri, ndipo amayi a m'mabanja okoma ndi amene ubongo wawo unkadekha koposa. X inali yomweyo, magetsi omwewo. Patapita zaka Coan anabwereza ndi anthu oposa 100, ena atagwira dzanja la mnzawo chabe, osati mwamuna kapena mkazi wawo, ndipo dzanja la munthu wozolowerana naye linathandizanso.

Mu 2008 katswiri wina wa za maganizo, Simone Schnall, ndi anzake anaimika anthu m'munsi mwa chitunda, atawabereketsa chikwama cholemera, n'kuwafunsa kuti anene mmene chitundacho chikuonekera kutsetsereka kwake. Amene anaima ndi mnzawo pambali anachiona chosavuta kukwera poyerekeza ndi amene anaima okha, ndipo ubwenzi ukakhala wa nthawi yaitali, chitunda chinkaoneka chochepa kwambiri. Mnzakeyo sananyamule chikwama, sananene kanthu, anangoima pomwepo.

Coan amafotokoza kuti ubongo wathu umagwira ntchito moyembekezera kuti pali ena pafupi. Pakakhala munthu womudalira, umagawana naye ntchito yolondera. Ukaona kuti uli wokha, umalondera wokha usana ndi usiku, mtima n'kumagunda mofulumira, tulo n'kumadukaduka. Sindikunena kuti kuuma kwa pemphero kumachokera m'thupi mokha. Koma ndaona kambirimbiri anthu akudziimba mlandu wa kuzizira mumzimu pamene vuto lawo n'lakuti mkati mwawo simukutha kukhala pansi. Mawondo agwada, koma munthu akuthamangabe. Wotere ukamuuza kuti aonjeze maola opemphera ali yekha, nthawi zambiri wangomuonjezera maola olimbana ndi maganizo ake.

Pali kafukufuku wina amene akukhudza inu mwachindunji ngati munthu wa mumpingo. Chaeyoon Lim ndi Robert Putnam, mu 2010, anafuna kudziwa chifukwa chimene anthu opita kopemphera amanenera kawirikawiri kuti ndi okhutira ndi moyo. Anafufuza pakati pa anthu a ku America. Pa anthu 100 alionse opita kopemphera mlungu ndi mlungu amene anali ndi anzawo apamtima atatu mpaka asanu mumpingomo, 33 anati ndi okhutira kwambiri ndi moyo wawo. Pa opita mlungu ndi mlungu koma opanda mnzawo wapamtima mmenemo, anali 19 okha, chimodzimodzi ndi anthu osapita n'komwe. Zoona, kukhutira ndi moyo si muyeso wa chiyero, ndipo palibe kafukufuku angayeze zimene zimachitika pakati pa munthu ndi Mulungu wake. Koma chiwerengerocho chikunena chinthu chimene ambiri timachidziwa n'kumachibisa: n'zotheka kukhala pa benchi yodzaza, kuimba nawo, kupereka moni kwa onse, n'kubwerera kunyumba uli wekhawekha monga unapitira. Kafukufuku wa ku Harvard, amene anayamba mu 1938 n'kutsatira moyo wa amuna 724 kuyambira unyamata mpaka ukalamba, anafika pamfundo yoyandikana nayo. Mmene munthu ankakhutirira ndi maubale ake ali ndi zaka 50 zinkalosera thanzi lake pa zaka 80 kuposa kuchuluka kwa mafuta otchedwa cholesterol m'magazi ake.

Tsopano za kudzipatula kumene mukukuganizirako. Werengani mofatsa nkhani ya Eliya pa 1 Mafumu 19. Atangopambana pa phiri la Karimeli, Yezebeli anamuopseza, iye n'kuthawa. Pali kachiganizo kamene ambiri amakadumpha: atafika ku Beereseba anamusiya mnyamata wake kumeneko, n'kulowa m'chipululu yekha ulendo wa tsiku limodzi. Atakhala pansi pa mtengo ndi pamene anapempha kuti afe. Atafika ku Horebe ananena kawiri konse kuti watsala yekha. Komatu m'chaputala cham'mbuyo chomwecho Obadiya anali atamuuza pamaso kuti anabisa aneneri 100 m'mapanga. Eliya ankadziwa, koma kutopa ndi kukhala yekha zinamufufutira chiwerengero. Mulungu anamupatsa tulo, chakudya ndi madzi, anamulankhula m'kamawu kayaziyazi, kenako anamuuza kuti abwerere, kuti alipo 7,000 amene sanagwadire Baala, ndiponso kuti akadzoze Elisa. Kuyambira pamenepo Eliya anali ndi woyenda naye.

John Cacioppo wa pa yunivesite ya Chicago, amene anathera zaka zambiri akufufuza za kusungulumwa, anapeza zofanana ndi zimenezi mwa anthu a masiku ano. Munthu akasungulumwa nthawi yaitali amayamba kuona zoopsa pankhope za anthu. Moni wosamveka bwino amauwerenga ngati chidani, uthenga wochedwa kuyankhidwa amauona ngati kumutaya. Akatero amabwerera m'mbuyo, anthu nawonso n'kumusiya, iye n'kuti ndinanena ine. N'chifukwa chake mawu anu akuti "kwa kanthawi" akundidetsa nkhawa. Kanthawi ka munthu wotopa kamatalika msanga. Paja akuluakulu anati kali kokha n'kanyama, ali awiri ndi anthu.

Kukhala pawekha kuli ndi malo ake, musandimve molakwa. Yesu ankachoka m'mamawa kupita kopanda anthu, n'kubweranso. Tengani m'mawa wanu, tengani tsiku lathunthu ngati n'kotheka, zimitsani foni. Tulani pansi maudindo awiri kapena atatu, ndipo mudzadabwa kuona kuti ntchito ikuyendabe. Chosiyanitsa kudzipatula kochiritsa ndi kudzitsekera kodwalitsa n'chosavuta kuchiona: kodi alipo munthu amene akudziwa kumene mwapita, chimene mwapitira, ndi tsiku limene adzakufunseni kuti zayenda bwanji?

Nanga munthu ameneyo akhale wotani? Apa mpofunika kufatsa, chifukwa si mnzathu aliyense amene amatsitsimutsa. Anzake a Yobu, Elifazi, Bilidadi ndi Zofari, anachita chinthu chokongola kwambiri poyamba. Anachoka kwawo, anakhala naye pansi masiku 7 usana ndi usiku, osanena kanthu, poona kukula kwa ululu wake. Zinaipa atatsegula pakamwa kuti amufotokozere chifukwa chimene akuvutikira. Yobu anafika powatcha otonthoza osautsa, n'kuwauza kuti akanangokhala chete, kumeneko kukanakhala nzeru zawo. Kumapeto Mulungu anawadzudzula atatuwo, ngakhale kuti mawu awo ankamveka achipembedzo kwambiri.

Yerekezani kuti mwauza anthu atatu osiyana chiganizo chimodzi: "Masiku ano sindikutha kupemphera." Woyamba akuti, "Aa, inu mayi a utumiki? Dzifufuzeni, mwina pali tchimo. Mwasala kale?" Wachiwiri akuti, "Eee, ngati ine chaka chatha," ndipo theka la ola likutha mukumvera nkhani yake, mpaka inu ndi amene mukumutonthoza. Wachitatu akuika foni yake pansi, akukuyang'anani, akuti, "Zinayamba liti?" Mwayankha, iye wakhala chete pang'ono, kenako akuti, "Nanga usiku maganizowo amapita kuti?" Onse atatuwa amakukondani mwina. Koma ndi wachitatu yekha amene mudzachoka kwa iye mapewa atatsika. Sanakupatseni yankho lililonse. Wangokupatsani malo oti chinthu chimene chimazungulira m'mutu chituluke n'kukhala mawu, ndipo nkhawa ikatchulidwa dzina lake pamaso pa munthu amene sanadzidzimuke, imayamba kuchepa mphamvu.

Kumvetsera kotereku ndiye choyamba choyang'ana mwa munthuyo. Chachiwiri ndi pakamwa. Pakati pa anthu opemphera miseche ili ndi chovala chake, imabwera ngati pempho: "Tiyeni timukumbukire mayi uje m'mapemphero, zinthu sizili bwino kunyumba kwake." Pofika madzulo anthu 20 akudziwa. Ngati zoterezi zinakuchitikiranipo, kusakhulupirira anthu kwanu n'komveka. Koma yankho lake ndi kusankha mosamala. Aelred, mkulu wa amonke ku Rievaulx kumpoto kwa England amene anamwalira mu 1167, analemba za ubwenzi wauzimu, ndipo analangiza kuti munthu asankhidwe kaye, ayesedwe, kenako alandiridwe. Zoyesa zake zinali zinayi: kukhulupirika, cholinga chake pa ubwenziwo, kudziwa choyenera kunena ndi nthawi yake, ndi kuleza mtima. Malangizo akalewa akugwirabe ntchito. Yambani ndi kanthu kakang'ono koti ngakhale katamveka kunja simungafe nako manyazi. Dikirani milungu ingapo. Mvetseraninso mmene munthuyo amakambira za anthu ena muli awiri, chifukwa zanu adzazikamba chimodzimodzi.

Chachitatu n'chakuti azitha kukutsutsani. Bwenzi longovomera zonse limakoma tsiku loyamba, koma silingakubwezeni mukamasochera. Pa chifukwa chimenechi, mnzanu wakuuzani kuti mukulakwitsa uja musamuchotse msanga pamndandanda. Analimba mtima kukuuzani zimene simunafune kumva, pomwe kukanakhala kosavuta kungoti Mulungu akutsogolereni. Mwina ndi woyamba kumuganizira. Ndipo bwenzi labwino la mumzimu silidzikokera lokha kwa inu. Davide akubisala Sauli m'chipululu, Jonatani anapita kukamupeza, ndipo 1 Samueli 23 akuti anamulimbitsa mwa Mulungu, kenako anabwerera kwawo. Mukaona munthu akufuna kuti muzimufunsa chilichonse, akuchita nsanje mukacheza ndi ena, akudziika ngati iye yekha ndiye womva za Mulungu pa moyo wanu, talikiranani naye ngakhale atapemphera mokoma chotani.

Pali msampha wina umene umagwira makamaka mabwenzi okondana kwambiri. Amanda Rose wa pa yunivesite ya Missouri anaulemba mu 2002, atafufuza pakati pa ana ndi achinyamata. Anzake awiri amakumana n'kumabwereza vuto lomwelo, kulitembenuza uku ndi uku, kulingalira zoipa zonse zimene zingachitike, tsiku ndi tsiku. Anapeza kuti zimenezi zimawagwirizanitsa kwambiri awiriwo, koma zimayenderanso limodzi ndi nkhawa komanso kukhumudwa, ndipo zinkaoneka kwambiri mwa atsikana. Akuluakulu timachitanso. Chizindikiro chake n'chakuti mukasiyana mumamva kuti mumakondana, koma mtima walemera kuposa mmene munakumanirana. Zikatero musathetse ubwenzi, sinthani kachezedwe. Nkhani yovutayo ipatseni nthawi yake, ikatha funsanani chimene aliyense achite mlungu umenewo, pempherani mwachidule, kenako kambani zina. Sekaniko. Yendani limodzi m'malo mongokhala. Ubwenzi umene ulibe china chokambirana kupatula mavuto umatopetsa onse awiri.

Mwina mukuti munthu wotere mulibe. Ambiri a msinkhu wanu alibe, ndipo chifukwa chake nthawi zambiri ndi maola. Jeffrey Hall wa pa yunivesite ya Kansas anawerengera mu 2018 kuti pamafunika maola pafupifupi 50 okhala limodzi kuti munthu womudziwa chabe akhale mnzako wocheza naye, pafupifupi 90 kuti akhale bwenzi, ndi oposa 200 kuti akhale wapamtima. Anapezanso kuti maola ogwirira ntchito limodzi sawerengeka mofanana ndi maola ongocheza. Apa ndi pamene anthu otumikira amapusitsika. Mwakhala ndi amayi ena m'komiti zaka zambiri, mukudziwa amene amachedwa ndi amene amasunga bwino ndalama, koma simunakhalepo nawo ola limodzi popanda ajenda. Maola 200 akumveka ambiri, koma maola awiri pa mlungu amakwanitsa m'zaka ziwiri, ndipo mpumulo umayamba kumveka kale musanafike kumeneko. Komanso simukuyambira pa ziro. Pali wina amene munkagwirizana naye kale, moyo n'kukulekanitsani popanda kukangana. Maola amene munaika mwa iye sanatayike, ndipo kumuimbira foni n'kosavuta kuposa mmene mukuganizira.

Chimene chimasunga ubwenzi wotere ndi nthawi yoikika. Mawu akuti "tidzaonana tikapeza mpata" apha maubwenzi ambiri kuposa mikangano. John Wesley anazindikira zimenezi mosayembekezera. Mu 1742 ku Bristol, ku England, anthu a mlaliki ameneyu anagawidwa m'timagulu ta anthu pafupifupi 12 n'cholinga chosonkhanitsa ndalama zobwezera ngongole ya nyumba yopemphereramo. Posakhalitsa zinaoneka kuti kuonana mlungu uliwonse kukuchita ntchito yoposa ya ndalamayo, poti anthu anayamba kuuzana mmene moyo wawo wauzimu ukuyendera, ndipo timaguluto tinasanduka msana wa mpingo wa Methodist. Inu simukufunika anthu 12. Mmodzi akwana, awiri ndi mwayi. Gwirizanani tsiku ndi ola, ndipo likhale losasuntha ngati mmene mumasungira nthawi ya kuchipatala. Mauthenga a pa WhatsApp ndi abwino posunga ulusi pakati pa mlungu, koma sangalowe m'malo mwa mawu a pakamwa ndi nkhope. Ngati mnzanuyo ali kutali, imbani, musamangolemba.

Chovuta kwambiri kwa munthu ngati inu chidzakhala chiganizo choyamba. Mwazolowera kufunsa ena kuti muli bwanji, ndipo inu mukafunsidwa mumayankha kuti tili bwino mwachisomo, n'kubweza funso msangamsanga. Konzekeranitu mawu ake. Mwina otere: "Achemwali, pali nkhani imene sindinauzepo munthu. Lero sindikufuna malangizo, ndikungofuna mundimvere." Kunena chimene mukufuna kumamumasula mnzanuyo, chifukwa ambiri amathamangira kulangiza poopa kuti akakhala chete aoneka osathandiza. Musadabwe ngati atamva ayankha kuti nayenso ali ndi yake. Mu 1935 ku Akron, m'chigawo cha Ohio ku America, Bill Wilson, amene anali atasiya mowa kwa miyezi yochepa, anaona kuti watsala pang'ono kugwanso. Anafunafuna chidakwa chinzake choti alankhule nacho, kuti iye mwini apulumuke. Dokotala Bob Smith, amene anali chidakwa, anavomera kumupatsa mphindi 15 zokha, koma anacheza maola ambiri, ndipo gulu la Alcoholics Anonymous, lothandizana kusiya mowa, linabadwira pamenepo. Wilson sanapite ngati mphunzitsi. Anapita ngati wosowa, ndipo n'chimene chinatsegula mtima wa mnzakeyo. Kuulula kufooka kwanu sikudzakhala kumusenzetsa katundu mnzanu monga mukuopera. Kungakhale kumupatsa chilolezo chimene nayenso wakhala akuchidikira.

Mawu awiri achidule okhudza kusankha. Popeza ndinu mtsogoleri, ndi bwino munthuyo asakhale wa pansi pa utumiki wanu, chifukwa adzavutika kukuonani ngati mnzake ndipo inu mudzapitiriza kudziletsa pamaso pake. Wa mpingo wina, kapena wachikulire amene anatula kale maudindo, nthawi zambiri amakhala bwino. Amuna anu auzeni zimene zikukuchitikirani, ayenera kudziwa, koma musayembekezere kuti munthu mmodzi akhale zonse. Ndipo zakukhosi zozama chonchi musazikhuthulire mwamuna wina amene si wanu muli awiriwiri, ngakhale akhale wa udindo mumpingo. Kuuzana za mumtima kumamanga anthu mwamphamvu, ndipo ambiri amene anagwa sanayambe ndi cholinga choipa.

Pa za pemphero lenilenilo, musadzikakamize kutulutsa mawu. Pa Marko 2, munthu wofa ziwalo ananyamulidwa ndi anzake anayi amene anasasula denga kuti amutsitsire pamaso pa Yesu, ndipo zalembedwa kuti Yesu anaona chikhulupiriro chawo. Wodwalayo sakumveka akunena kanthu. Ilipo nyengo imene munthu amapemphereredwa, iye ali chete, ndipo nyengo imeneyo si yamanyazi. Muloleni mnzanuyo apemphere mokweza inu mukungomvera, kapena awerenge Salimo inu mutatseka maso, kapena mungokhala chete awirinu kwa mphindi 10. Ambiri amene ndawathandiza anapeza kuti mawu awo anabwerera pang'onopang'ono munjira imeneyi, atasiya kuwasakasaka.

Pomaliza pake pali malire amene bwenzi, ngakhale la ponda apa m'pondepo, silingadutse. Mwati zimenezi zatha miyezi ingapo ndipo tulo tasokonekera. Ngati kwa milungu iwiri kapena kuposa mwakhala wokhumudwa pafupifupi tsiku lililonse, zinthu zimene zinkakusangalatsani sizikukomaninso, chilakolako cha chakudya chasintha, mukutopa popanda chifukwa kapena mukudziona wachabechabe, amenewo angakhale matenda a kukhumudwa, ndipo amachizika ndi uphungu wa akatswiri, nthawi zina ndi mankhwala. Pa msinkhu wanu palinso zina za m'thupi zimene zimabweretsa zizindikiro zofanana: kuchepa kwa magazi, vuto la chithokomiro, ndi kusintha kwa mahomoni kumene kumayamba zaka zingapo mayi asanasiye kusamba. Zimenezi kusala sikungazione, koma dokotala angazipeze pokufunsani ndi kuyeza magazi. Pitani mukayezetse mwezi uno. Ndipo ngati maganizo ofuna kufa kapena kudzivulaza anakufikiranipo, ngakhale kamodzi, musadikire tsiku loikika lija. Uzani munthu lero lomwe, ndipo mumupemphe akuperekezeni kuchipatala.